Agogo Ake a Mawu Akuti Sukulu

Tsiku lomwe ndinkanyamuka, achemwali anandilonjeza uku akusokerera batani pa malaya amene ndinali nditavala kale. "Iwe wokonda mabuku, ukandifufuzire kumene mawu akuti sukulu anabadwira. Ukadzabwera nalo yankho, ndidzatseka shopu, tidzacheze tsiku lathunthu." Iwo anasiyira sukulu panjira kuti ine ndipitirize. Anandiphunzitsa ndi ndalama za makina awo osokera.

Ndinabwerako imvi zili mbuu, n'kusochera mumsewu wathu womwe. Pamene panali laibulale akugulitsapo mafoni, ndipo ana ankandiyang'ana ngati wodzagula malo. Shopu yokha ndiyo sinasunthe: fungo la simbi pa nsalu yonyowa, sizasi yomangirira chingwe kuopa obwereka. Mayunifolomu anali mulu mpaka pawindo, poti sukulu zinali pafupi kutsegulira.

"Wanenepa mimba yokha," anatero achemwali, mapini ali pakamwa. "Khala apo, koma usakhalire kolala ya eni ake."

"Ndabwera nalo yankho lija."

"Ee! Ukukumbukirabe? Kamba, makutu sasoka."

Ndinawafotokozera kuti ife tinabwereka kwa Angelezi, Angelezi anatola kwa Aroma, Aroma nawo anatenga kwa Agiriki.

"Ndiye ndi kaunjika," anatero. "Ife tavala atatha kale m'zigongono."

"Koma kwa eni akewo, achemwali, mawuwa ankatanthauza mpata wopuma. Munthu wopanda ntchito yomuthamangitsa, wongokhala pamthunzi n'kumakambirana nzeru ndi anzake."

Makina anaima. Anachotsa mapini pakamwa, n'kuyang'ana zala zawo zotupa mfundo, kenaka ine.

"Kupuma? Ndiye n'zoonadi, mwana wa amayi, ine kumeneko sindinapiteko." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu kotsala. "Nanga iwe unapumako?"

"Pang'ono."

"Basi, sizinapite pachabe."

Ndinaimirira kuti ndikankhe chitseko, titseke shopu monga analonjezera. Pomwepo panalowa mayi wina ndi kamtsikana kake, diresi ili m'manja. Mwana watalika, mpendero ukufunika kutsitsa, ndipo aphunzitsi salola mawondo kuonekera. Achemwali anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kugwada movutikira patsogolo pa kamtsikanako, tepi ili m'khosi.

"Ima mowongoka, mayi wanga. Iwe wamabuku, tandipatsira choko icho."

Ndinawapatsira. Shopu sanatseke tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse mpaka ndinanyamukanso.