Masoja a Langford

Pamene nasi Emeldah anabwera ndi zotsatira za kupima malungo, Kezia anali atamanga kale chitenge, wokonzeka kulandira mapilitsi a malungo ndi kubwerera ku Kavalamanja. Mwamuna wake Langford, msodzi, anali pa bedi m'kiliniki ya ku Boma, thupi likutentha ngati lata la pa dzuwa. Anali kupuma mofulumira, akuitana anzake a m'bwato amene panalibe.

Emeldah anati malungo sanapezeke. Anafotokoza kuti kunabwera ofufuza amene anali kufunafuna njira yodziwira msanga matenda olowa m'magazi, ndipo anapempha chilolezo chotenga magazi pang'ono.

"Afuna kuona mmene masoja a m'thupi mwawo akumenyera nkhondo, amai."

Masoja. Kezia anawadziwa mawu amenewo. Kumudzi, owerengedwa masoja anali aja opita kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, botolo atalibisa m'chitenge. Pomwepo anakumbukira maulendo a Langford okagulitsa nsomba ku Zumbo, aja ogona konko.

Anatuluka nakakhala pansi pa mtengo, maso ali kumene Luangwa ithira m'Zambezi. Kwawo ku Petauke kunali kutali, ndipo kuno analibe mbale womuuza zotere. Anayesa kuyamba nyimbo ya ku Chigwirizano, koma mawu anakana kutuluka. Chimene chinabwera ndi salimo lija la munthu amene mnzake wodya naye mbale imodzi anamutembenukira.

Emeldah anamupeza pomwepo.

"Mwathawa jekeseni ya amuna anu? Nanga ikanakhala yanu?"

"Ngati ndi kachilombo, ndiuzeni poyera, asisita. Ndine munthu wamkulu."

Emeldah anakhala pansi pambali pake.

"Safunsa anadya phula, amai. Nanenso ndalakwa, ndaponya mawu osawasenda."

Anamuuza kuti iye sanali kunena za matenda aja. Masoja aliyense ali nawo. Koma nthawi zina tizilombo tikalowa m'magazi, masojawo amapsa mtima n'kuyamba kuwononga mdani ndi mudzi womwe, impso ndi mapapo osasiya. Ndicho chinali kumugwetsa Langford. Mankhwala anali atayamba kale, zopereka magazi kwa ofufuza zinali kufuna kwa Kezia, koma panali chimodzi chofunika lero lomwe.

"Mdaniyo analowera pati? Alibe bala penapake?"

Kezia anaimirira. Sabata yatha nsomba ya nkolokolo inamubaya Langford kuchidendene. Kezia mwini anamumanga ndi kansalu, mwamunayo akuseka kuti msodzi safa ndi munga wa nsomba. Atayamba kunjenjemera anamuveka masokosi, ndipo za balalo anaiwala.

Analowa m'chipinda navula sokosi ija. Chidendene chinali chitatupa, chitada bii.

"Tengani magaziwo," anatero Kezia. "Mwina adzathandiza ndi mkazi wina."

Madzulo asanafike anali m'ambulansi kupita ku chipatala cha mishoni, phazi la Langford lili pa miyendo pake kuti lisagunde pa mabampu. Atadutsa mapiri, mwamunayo anatsegula maso namuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalira chiyani, amake Chipiliro?"

"Ndi fumbi la mumsewu. Gonani."

Langford anatsekanso maso. Kezia anafunditsa phazi lija ndi chitenge chake, ndipo nyimbo ija inabwera yokha, chapansipansi.