Jekete Lofiira la Bambo Mikayeli

Bambo Mikayeli anasowa Lachiwiri m'mawa. Mutu wawo unali utayamba kale kubwerera m'mbuyo. Tayala likangophulika pamsewu wa ku Milange, iwo ankati nkhondo yayambiranso, n'kumanga kamtolo kuti athawire ku Malawi monga anachitira kale. Mwana wawo Belinha anali ndi chithunzi chawo m'foni, atavala jekete lofiira lomwelo limene anachoka nalo.

Belinha anathamangira kwa mchimwene wake Euclides, yemwe anali ndi pulinta kunyumba, kuti asindikize chithunzicho pamapepala ofunira bambo awo. Euclides ndi uja wodziwa zonse, safunsa munthu. Inki ikatha amathira yekha ndi jekeseni, kuchokera m'timabotolo ta kumsika tofufutika zilembo. Pepala linatuluka jekete lili lobiriwira ngati tsamba la nthochi, nkhope ngati ya munthu wina.

"Achimwene, awa si apapa," anatero Belinha.

"Yangouma mkati iyi. Dikira ndiitsuke."

Anaitsuka, anaizimitsa n'kuiyatsanso, anapukuta ndi thonje, koma pepala lililonse linkatuluka chimodzimodzi. Atatsegula bwino ndi pamene anaona kuti anathira inki yabuluu m'malo mwa yofiira. Kabotolo ka yofiira kanali kouma, ndipo dzuwa linali litapendeka.

"Tingomata choncho," anatero Euclides. "Anthu amayang'ana nkhope. Pansipa ndalemba kuti ndi lofiira."

Analembadi, koma m'Chipwitikizi. Belinha mtima unakana, komabe mantha anamukulira. Anamata kumsika, pamalo oimika njinga ndi pamalire penipeni.

Masiku anadutsa kuli zii. Loweruka, Belinha ankaonetsa foni kwa aliyense pamalirepo. Bambo wina wonyamula matumba a amalonda, dzina lake Kenani, anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anatula thumba lake pansi.

"Madala awa ndinawaona, mayi. Lachitatu. Anakhala pamwala powolokera mtsinje wa Muloza, kumusi kuja, kamtolo kali pambali. Mtima unandigunda, mpaka ndinakwera kuno kudzaona pepala lanulo. Nditaona lobiriwira ndinati ayi, si iwowa. Zowerenga ine sindidziwa."

Belinha sankafuna kufunsa, koma anafunsa.

"Ndiye munawasiya pomwepo?"

Kenani anayang'ana pansi.

"Pobwerera ndinapeza kamtolo kokha, mayi. Tsiku limenelo mtsinje unali utadzaza."