Katerina, Mbozi ndi Msuzi wa Usipa

Mbozi zidalowa m'madimba a kumunsi kwa Mua chimanga chitangofika m'mawondo. Zisadalawe ngakhale tsamba limodzi la m'dimba la Katerina, zidali zitadya kale mtendere wa pagulu la alimi la pa Watsapu.

Gululo adaliyambitsa ndi Katerina yemweyo, ndiye adali adimini, mwini makiyi, ndipo ankalinyadira osati pang'ono. Mudali alimi a ku Mua, a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka, kuphatikizapo ana a pamudzi amene adapita kukasaka ntchito kutali. Tomato akakwera mtengo pamsika, anthu ankamvera pomwepo. Mbuzi ikasowa, chithunzi chake chinkafika pagulu mwini wake asadamalize kudandaula.

Phokoso lidayamba ndi uthenga wa mawu wa a Clotilda, mayi wachikulire wa ku Golomoti. Iwo adati mbozi za ntchemberezandonda amathana nazo ndi msuzi wa usipa. Amawiritsa usipa wouma, msuziwo ukazizira amalawirira m'mamawa kukauwaza m'nsonga za chimanga. Uthengawo udathera pamenepo. Chifukwa chimene amachitira zimenezo adali asadachinene.

Oyamba kuyankha adali a Gidiyoni, amalume ake a Katerina, mkulu wa mpingo amene saseka ndi zinthu zokayikitsa.

"Kumeneko ndi kutsirika munda," adalemba motero. "Munthu kulawirira kukathira ndiwo m'munda, akudyetsa ndani? Imeneyo ndi nsembe. Ife akhristu tidazisiya kalekale. Gulani mankhwala kusitolo ngati anthu ozindikira."

Kenaka adalowerera Lovemore, mchimwene wake wa Katerina amene amagwira ntchito yomanga nyumba ku Joni.

"Amalume, mankhwala mukuwatamawo ndi a azungu. Sayansi yawoyo adaipanga kuti atimalize ife anthu akuda, inu n'kumawaombera m'manja. Ndi chipembedzo chomwecho adabwera nacho ndi iwowo."

Basi, moto udabuka. Wina adati anthu akuda ndife otsalira chifukwa timakhulupirira za ziii. Wina adamuyankha kuti akasambe ndi laimu ngati khungu lake likumuchititsa manyazi. Asilamu ndi akhristu amene dzulo lake ankabwerekana makasu adayamba kuponyerana mawu. Ndipo munthu wina wopanda ulemu adalemba poyera kuti a Clotilda ndi mfiti.

Katerina adapezeka ali pakati. Kuno amalume, uko achimwene: khoswe adali atakhala pamkhate. Adaona kuti njira yachidule ndi kusesa zonse. Adafufuta uthenga wa amalume, wa achimwene, wa munthu wachipongwe uja, ndi wa a Clotilda womwe. Atatero adatseka gulu kuti wolemba akhale iye yekha, n'kuika chidziwitso: "Pano ndi pa zaulimi. Zachipembedzo, za mtundu wa anthu ndi zasayansi ayi." Ngati kuti chimanga chimamera popanda zimenezo.

Pagulu padati zii. Katerina adapuma, n'kumadziyamikira kuti wazimitsa moto.

Koma dimba lija silidali lachibwana. Chimanga cha dzinja chidapserera ndi ng'amba chaka chimenecho, ndipo Katerina ndi amuna ake a Lameki ankayang'ana kudimbako kuti ana asagone ndi njala miyezi yovuta ikafika. Tsono m'mawa wina akuthirira, Katerina adaona masamba atabooka timawindo. Adasuzumira m'nsonga, n'kupeza ndowe zonga utuchi, ndi kambozi katadzipinda m'katimo ngati mwini nyumba. Phesi lina chimodzimodzi, lina chimodzimodzi.

Adajambula chithunzi n'kuchiponya pagulu. "Abale, mbozi zandilowera. Ndithandizeni nzeru."

Anthu adauwona uthengawo, ambiri ndithu. Woyankha padalibe. Dzuwa lidafika paliwombo kuli chete.

"Taonani anthu ake," adadandaula kwa amuna ake. "Ndimawathandiza tsiku ndi tsiku, lero ndavutika ine angoti duu."

A Lameki, amene sankakonda kuchulutsa mawu, adapitiriza kusoka thumba lawo. "Akuyankha bwanji, poti pakamwa udawamanga ndiwe?"

Katerina adachita manyazi. Adaimbira foni a Clotilda, akuganiza kuti nkhaniyi angoithera kumbali.

"Amayi, pepani, ndimati mundiuzeko za msuzi uja."

"Ine mfiti ndikuuzeni chiyani, mwanawe?" adayankha a Clotilda, mawu ali ozizira. "Amene adanditukwana uja ndi ine wotukwanidwa, mudatisesera m'dengu limodzi. Anthu onse adaona kuti mawu anga afufutidwa. Pano kuchigayo akuti adimini naye watsimikiza kuti ndimatsirika minda."

Foni idadulidwa. Apa mpamene Katerina adazindikira kuti sadangotaya nzeru yopulumutsira chimanga chake, koma adaipitsanso mbiri ya munthu wosalakwa. Chimenechi chidamuwawa kuposa mbozi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adakwera njinga ulendo wa ku Mtakataka kukaonana ndi alangizi a zaulimi, mayi Bernadeta, amene nawonso adali pagulu lija. Adawapeza akumangirira katundu panjinga yamoto.

"Ndimakudikirani," adatero alangiziwo akumwetulira. "Tsiku lija ndidalemba yankho lalitali, ndikati nditumize, ndapeza chitseko n'chokhoma."

"Ndimaopa kuti anthu amenyana, amayi."

"Mantha anu adali oona, koma mankhwala ake mudalakwitsa. Pagulu paja padali zinthu ziwiri zosiyana. Padali chipongwe, ndipo padali mtsutso. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu m'dziko muno, ndipo kunyoza munthu chifukwa cha khungu lake kapena chipembedzo chake n'kosaloledwa. Zimenezo fufutani, mwini wake mumuchenjeze. Koma amalume anu kufunsa ngati chinthu chikugwirizana ndi chikhulupiriro chawo, ndi ufulu wawo. Achimwene anu kukayikira mankhwala, ndi ufulu wawonso. Malamulo aakulu a dziko lino amalola munthu kunena maganizo ake ndi kupembedza mmene afunira."

"Ngakhale zimene akunenazo zili zabodza?"

"Bodza mukalifufuta silifa, limangosamuka. Pano anthu atsegula timagulu tawo tam'mbali, aliyense ndi omuvomereza okhaokha, ndipo kumeneko kulibe womufunsa kuti umboni uli kuti. Kutsutsa galu n'kukumba, Katerina. Tsegulani gulu, ndipo tikakumbe m'dimba mwanu momwemo anthu akuona."

Katerina adatsegula gululo ali chiimire pomwepo. Adajambula mawu, osati kulemba, kuti anthu amve mmene mtima wake udalili. Adapepesa a Clotilda powatchula dzina. Adati kuyambira tsopano wotukwana azichotsedwa, koma wotsutsa azifunsidwa umboni. Pomaliza adaitana aliyense kudimba kwake m'mawa mwake.

Anthu adabwera ambiri kuposa amene amabwera pamsonkhano wa chitukuko, poti nkhani ya mkangano imakoma. A Gidiyoni adafika atavala jekete la kutchalitchi, n'kuima patali ndithu, kumalire a dimba. Lovemore ankaonera pafoni ya Katerina ali pamwamba pa nyumba imene ankamanga ku Joniko. A Clotilda adafika mochedwerako, atasenza chigubu, nkhope ili gwa.

Mayi Bernadeta adagawa dimbalo patatu. Mbali ina adawazako mankhwala a kusitolo, wowazayo atavala zodzitetezera ndi kutsata muyeso wolembedwa pabotolo. Mbali ina adathira phulusa losakaniza ndi mchenga m'nsonga. Mbali yachitatu adaisiyira a Clotilda.

Mayiwo adathyola kanthambi ka masamba, n'kumakaviika m'msuzi ndi kuwaza phesi ndi phesi. Fungo la usipa lidadzaza dimba lonse. Atamaliza adapukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana kumalire kuja.

"A Gidiyoni, mumafunsa kuti ndimadyetsa ndani. Dikirani pang'ono, alendo anga muwaona."

Padapita kanthawi anthu akucheza pamthunzi wa mango. Kenaka mayi wina adakuwa kuti bwerani mudzaone. Nyerere zidali zitandandana kuchokera pansi, kukwera phesi, kulowa m'nsonga. Posakhalitsa zina zidatuluka zikukoka kambozi kakuphiriphitha. Mnyamata wina adajambula kanema wa zonsezi n'kuponya pagulu.

"Zimabwerera fungo la nsomba," adatero a Clotilda. "Zikafika n'kupeza mbozi, zimati ndiwo zachuluka. Ine ndidazitulukira mwangozi. Ndinkataya madzi otsukira nsomba pa chimanga cha kuseri kwa nyumba, ndiye ndidaona kuti mapesi amenewo mbozi sizikuwavuta ngati enawo. Ndidayesanso chaka china, n'kuyesanso. Ndimalawirira chifukwa dzuwa likakwera msuzi umauma msanga. Ndimafuna ndifotokoze zimenezi tsiku lija."

"Kuona, kuyesa, n'kubwerezanso," adatero mayi Bernadeta. "Anzanga, sayansi ndi imeneyi. Ilibe khungu."

A Gidiyoni adayandikira pang'onopang'ono. Adagwada m'matope ndi buluku lawo la pa Sabata, n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Podzuka adavula chipewa.

"Izi ndi nyerere za Mulungu, palibe mzimu apa. Mayi, ndidakulakwirani pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Ndidaweruza ndisadafunse."

"Zatha, abambo," adayankha a Clotilda. "Koma bulukulo mukachape nokha."

Anthu adafa nacho chiseko. Pafoni, Lovemore adali akukuwa kuti paja adanena iye, nzeru zathu zimakwana, za kusitolo n'zosafunika.

"Musathamange, achimwene," adatero Katerina. "Mbali zinazo sitidazione."

Sabata yotsatira Katerina adajambula mbali zonse zitatu n'kuponya pagulu. Kumene adawaza mankhwala mbozi zidafa msanga, ngakhale nyerere nazo zidasowako. Kwa msuzi kudachita bwino pamene mbozi zidali zazing'ono, koma padafunika kubwereza. Phulusa lidathandiza pang'ono. Mayi Bernadeta adafotokoza kuti palibe njira imene ili yamatsenga: chachikulu ndi kuyendera munda kawirikawiri ndi kuchitapo kanthu mbozi zisadakule. Adauzanso Lovemore kuti mankhwala akhoza kuvulaza munthu aliyense, woyera kapena wakuda, ngati sawasamala, ndipo kuti m'malo ofufuzira zaulimi m'dziko muno muli Amalawi anzathu amene amayesa mbewu ndi mankhwala asadafike kwa mlimi.

 Lovemore atayankha madzulo ake, mawu ake adali ofewa. Adati kuntchito kwake kudali munthu wina amene ankakonda kumuuza kuti munthu wakuda sadatulukirepo kanthu, ndipo mawuwo ankamudya mumtima. N'chifukwa chake ankadana ndi chilichonse chotchedwa sayansi.

"Ndimayesa kuti n'zawo," adalemba. "Kani tili m'dimba, tilinso m'malo ofufuzira. Tili konsekonse. Munthu uja ndamuonetsa kanema wa a Clotilda, waonera kawiri."

Katerina adawerenga uthengawo misozi ili m'maso. Adanyadira mchimwene wake, adanyadira amalume ake amene adagwada m'matope, adanyadira mayi wa ku Golomoti amene adaphunzira kwa nyerere.

Chimanga chambiri chidapulumuka ndipo chidabereka bwino. Koma ngodya imodzi, kumene mbozi zidakulira pamene gulu lidali lotseka, idangotsala mapesi okhaokha. A Lameki adaitcha ngodya ya adimini, ndipo Katerina sadakane, poti lidali dzina loyenera. Chimanga chachiwisi choyamba kuthyola adachimanga panjinga n'kupita nacho yekha ku Golomoti. A Clotilda adachilandira ndi manja awiri, n'kumupatsa mpando m'nyumba.

Pagulu paja anthu amatsutsanabe mpaka lero, za katemera wa nkhuku, za mbewu zamakolo, za mvula ndi mapemphero. Nthawi zina pamatentha ndithu. Koma tsopano munthu akanena chinthu chachikulu, woyamba kufunsa kuti "Umboni uli kuti?" amakhala a Gidiyoni.

Inu amene muli ndi makiyi a gulu, kaya la pafoni, la kumpingo kapena la pamudzi, phunziranipo. Chotsani chipongwe, koma musatseke pakamwa pa anthu chifukwa choti akutsutsana. Lolani aliyense anene, funsani umboni, ndipo kumene kungatheke kayeseni limodzi. Chikhulupiriro chathu, khungu lathu ndi nzeru zofufuza zinthu si adani. Ndipo kumbukirani kuti pakamwa pamene mukutseka lero pakhoza kukhala pomwe pali yankho limene mudzalifune mawa.