Wailesi Yowamba Utaka

Keziah Nyalongwe ankaphula utaka pamoto, utsi ukumuliza, mvula ya Malichi ikumenya malata a chisakasa chake ku Chikale kwa tsiku lachinayi osaleka. Anathyola nsomba imodzi pakati. Kunja inali itapserera bii, koma m'kati munali mwamuwisi. Dengu la dzana linali litayamba kale mphutsi.

Mwamuna wake, Davis Manda, anaima pakhomo la chisakasa atagwira pepala. Anali atabwerako ku Bulawayo chaka chapitacho, atagwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'fakitale ya mipando, komwe ankayendetsa makina oumitsa guluu m'matabwa. Makinawo analibe moto kapena utsi. Ankalowetsa m'thabwa mafunde onga a wailesi, thabwalo n'kutentha lonse pamodzi, m'kati ndi kunja mofanana. Kutentha kukachuluka, munthu ankangopotokola kachitsulo. Davis ankakhulupirira kuti nsomba nazo zingaume chomwecho. Kuyambira Januwale ankajambula pamapepala, ndipo analembera mnzake wa kufakitale kuja, yemwe anamutumizira chithunzi cha makinawo.

"Moto wanuwu ngosamva, aNyalongwe," anatero Davis. "Ukamafika pafupa, khungu latha kale."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ada. Wailesi yanuyo ili ku Bulawayo, utaka wanga ukuwola pano."

Davis anaseka, napinda pepala lake, n'kumuthandiza kusankha nsomba zimene zikanagulitsika.

M'mawa mwake kumsika wa paboma, amayi anzake ogulitsa nsomba ankadandaula za mvula. Keziah anawauza kuti asade nkhawa, amuna ake akukonza wailesi yowamba utaka, ndipo mapepala ake afika kale kuchokera kunja. Ananena moseka, koma pansi pa mtima ankanyadira, chifukwa panalibe wina pamzere wonsewo amene mwamuna wake ankadziwa zoterozo. Amayi anaseka mpaka misozi. Millicent yekha, mnzake wa kutchalitchi, ndiye anamutsina pantchafu. Masiku amenewo mawu akuti wailesi ndi akuti kunja sankayenera kutuluka m'kamwa limodzi.

Lachisanu, anthu akupita kudoko kukachingamira sitima ya Ilala, galimoto inaima pamsewu wa kumtunda. Munatsika amuna atatu osavala yunifolomu. Analowa m'nyumba mwa Davis, anagudubuza mphasa, anatsegula sutukesi, anapisa ndodo m'dengu la ufa wa kondowole. Anapeza mapepala aja ndi envulopu ya sitampa yachilendo.

Davis anawapatsa mipando, nayamba kufotokoza modekha monga ankachitira ndi aliyense. Anati makinawo salankhula ndipo samva, ntchito yake n'kutenthetsa basi. Anawalozera pachithunzi pamene thabwa limalowa ndi pamene pali kachitsulo kochepetsera kutentha.

"Ndiye kuti anzanu a kunjawo mumalankhula nawo kudzera m'nsomba?" anafunsa wamkulu wawo, osaseka.

Anamutenga atavala patapata. Keziah anathamangira galimoto ndi jekete, koma anaipeza itakhota kale.

Anapita kuboma kasanu. Ofesi iliyonse inkamutumiza ku inzake, mpaka kalaliki wina anamunong'oneza m'Chitonga kuti aleke kufunsa ngati akufuna kulera ana ake. Kumsika, amayi amene anaseka aja anayamba kusendeza madengu awo kutali ndi lake. Sanadziwe amene anakanena kuboma. Tsiku lililonse ankayang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi, koma mapeto ake ankadziloza yekha chala. Millicent ankamutonthoza kuti tsoka silinunkha. Keziah ankangogwedeza mutu, podziwa kuti tsoka ili analinyamula yekha kupita nalo kumsika.

Davis anabwera patatha chaka ndi miyezi inayi. Anatsika basi ya ku Mzuzu masana, miyendo itatupa, mano awiri akutsogolo palibe. Sananene kumene anali. Munthu akamulankhula ankayang'ana pansi, ndipo galimoto ikaima kumsewu ankadzuka n'kuima njo, manja kumbuyo.

Patapita sabata, Keziah akumuthowa mapazi ndi madzi ofunda, anaulula zonse: zimene ananena kumsika, ndi momwe anthu anasekera. Anayembekeza kukalipiridwa, mwinanso ndi zimene ankafuna.

"Munanena zoona zokhazokha," anatero Davis. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Mvula itayambanso, kunabwera mlendo, Percy Kamanga, mphunzitsi wa sayansi amene anali atangotumizidwa kusekondale. Anali atawerenga m'buku za kutenthetsa ndi mafunde, ndipo wina anamuuza kuti ku Chikale kuli bambo amene anagwirapo makina otero ndi manja ake. Anakhala pampando maso akuwala, kope lili pabondo. Anafunsa ngati n'zoona kuti chinthu chimatentha m'kati popanda kupserera kunja, ndiponso kuti chinyezi chikatha kutenthako kumachepa kokha. Anapempha kuti Davis adzawafotokozere ana asukulu.

Keziah anaona zala za mwamuna wake zikuyendayenda pabondo, ngati zikufuna pensulo. Milomo inatseguka. Kenaka maso ake anagwera pa kope lija, ndipo anabisa manja m'khwapa.

"Akunamizani, aphunzitsi. Ine ku Bulawayo ndinkasesa."

Percy anayesa kufunsanso mwaulemu, koma Davis anadzuka, napepesa kuti miyendo ikumupweteka, n'kulowa m'nyumba.

Keziah anaperekeza mlendoyo mpaka pamsewu. Iye yekha ndiye akanatha kumuuza kuti mwamuna wake sanagwirepo tsache, kuti azungu a fakitale ankamuitana iyeyo makina akavuta. Mphunzitsiyo anali ndi nkhope yabwino, koma amayi a kumsika aja nawonso anali ndi nkhope zabwino.

"Ngati mwalemba dzina lake m'kopemo, ng'ambani tsambalo ndikuona," anatero Keziah.

Percy anamuyang'ana, nang'amba tsambalo, n'kumupatsa. Keziah anamuthokoza chifukwa chobwera, namupempha kuti asadzabwerenso.