Disiki pa Maliro a ku Chelstone

Kompyuta ya pa ofesi ya a Kampamba inakana kutsegula pulogalamu yolembera Lachitatu m'mawa, ndipo mutu umene unayamba kuwawa unali wa mlembi wawo, Perpetua Sampa. Ndiye amene anawanyengerera abwana akewo, kumayambiriro kwa 1989, kuti asiye mataipi akale agule makina atsopanowa. Tsopano kabuku konse ka nyimbo za mwambo wodzoza ansembe, kamene parishi ya ku Kabwata inkakafuna Loweruka, kanali katatsekeredwa m'mimba mwa chinthucho.

Vuto lake linali lachibwana mpaka kupsetsa mtima. Pulogalamuyo sinkadzuka popanda disiki yake yapadera imene ankaitcha kiyi, ndipo kiyiyo inali itakandika. Kukopera ina sikunkatheka, poti eni ake a kutsidya kwa nyanja anaipanga dala choncho poopa akuba. Akubawo ankagona tulo tawo, wovutika n'kukhala amene anagula mwachilungamo.

"Ndiwe unabweletsa ichi chinthu muno," anatero a Kampamba. "Ngati mabuku siyachoka pa Fulaide, osabwelanso."

Perpetua anathamangira kusitolo ya kampani yogulitsa pulogalamuyo pa Cairo Road. Inali sitolo yokongola ndithu, pawindo atasanjapo mabokosi opanda kanthu ndi chithunzi cha mzungu womwetulira, wolonjeza thandizo nthawi ina iliyonse. Mkati munali Winifred, mtsikana wogulitsa, amene nzeru zake zinkathera pa mitengo ya katundu.

"Makiyi yali mu kabati," anatero Winifred, "koma baziba kuyakonza ni ba Mpundu chabe. Manje bali pa malilo. Bakazi bao banamwalila pa Mande."

"Kulibe winangu?"

"Mu Zambia monse ni beve beka. Kapena tumani foni ku Landani."

Ku Landani! M'dziko lofola pamzere pofuna sopo, munthu akapemphe foni ya kunja n'kuipeza sabata yomweyo? Perpetua anatuluka akutukwana chamumtima kampani yodziwa kugulitsa koma yosiyira munthu mmodzi mavuto a dziko lonse.

Pamaliro sakambirapo za ntchito, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Koma Perpetua anali ndi ana awiri odya kwa iye yekha. Lachinayi anamanga chitenje pamwamba pa siketi, mpango kumutu, disiki m'chikwama, nakwera basi ya ku Chelstone ali ndi manyazi kale.

Anafika anthu atangobwera kumene kuchokera kumanda. Anasamba m'manja pageti, nalowa m'nyumba kukakhala pansi ndi amayi anzake. Anaimba nawo nyimbo mokweza, analiranso, ngakhale misozi ina inali ya ntchito yake.

Perpetua ankamudziwa bwino Gilson Mpundu. Anali bambo wowonda, wofatsa, amene ankafika wapansi ndi kachikwama ka zida paliponse pamene makina avuta, osanyinyirika. Kwawo kunali ku Luapula, ndipo abale amene anakwanitsa kubwera anali owerengeka. Komabe bwalo linali lodzaza, ambiri a mataye ndi nsapato za muofesi.

Anthu atadya, Gilson anaimirira pakhonde n'kuyamba kulankhula.

"Ine kuno ku Lusaka nilibe babululu bambili. Bakampani sibanatume olo ka luba kamozi. Koma onani, makasitomala banga mwabwela monse kunililako. Ndimwe banja langa."

Mawuwo anamulasa Perpetua. Anakanikiza chikwama chake kukhwapa, natsimikiza mtima kuti angopereka moni n'kumapita. Ntchito ipite, munthu sangachite chipongwe chotere.

Otsanzika anandanda kuti agwire chanza namfedwa. Patsogolo pa Perpetua panali Abson Kabamba, wamalonda wa ku Kamwala, munthu amene manyazi anawasiya m'mimba mwa amake.

"Pepani maningi, ba Mpundu, ni chifunilo cha Mulungu," anatero Abson, uku akupisa m'thumba la jekete. "Manje, pang'ono chabe, aka ka disiki kanga kakana kuchokela pa Chibili."

Gilson anayang'ana disikiyo nthawi yaitali. Kenako anayendetsa maso pamzere wonse, ndipo anaona chimene chisoni chinamubisira tsiku lonse: azibambo atanyamula zikwama za kuofesi pamaliro.

"Nindani winangu abwela na disiki?" anafunsa motsitsa mawu.

Ena anayang'ana nsapato zawo.

"Nafunsa. Chosani, nione."

Mmodzi anatsegula chikwama. Wina anasolola yake m'nyuzipepala yopinda. Posakhalitsa timadisiki takuda tinali titatuluka uku ndi uku, eni ake atazolika. Perpetua anapsa mtima ndi Abson, ndi Winifred amene analozera aliyense njira ya kuno, ndi mzungu wa pachithunzi uja, koma koposa onsewo anadzipsera mtima yekha.

Gilson anatembenukira kwa iye, m'maso mwake mutatsala kachiyembekezo.

"Ba Sampa, imwe nakumvelani mwenze kuimba maningi mukati. Imwe mwabwela chabe kulila, ai?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamutonthoza bamboyo. Perpetua anatsegula pakamwa kuti avomere. Koma mawa linali Lachisanu, ndipo mwayi wina sukanapezekanso. Manja ake anatsegula zipi ya chikwama.

Gilson analandira disikiyo ndi manja awiri, monga mmene ankachitira nthawi zonse muofesi. Anaitembenuza, naona pamene panakandika.

"Mailo, pa Fulaide m'mawa, bwelani ku shopu, nizakupasani inangu," anatero, osamuyang'ananso kumaso. Kenako anatambasulira dzanja munthu wotsatira, osati kuti amugwire chanza, koma kuti alandire yake.