Mazira Akupsa Kufamu

Anzawo kuntchito ankawatchula kuti Mayi Nthambo, poti m'chikwama mwawo simunkasowa nthambo za kompyuta. Tsikulo anali atangothira tiyi m'kapu pamene foni inalira. Anali alamu awo, oyang'anira makina ofungatira mazira kufamu ina yakutali.

"Mlamu, kuno zavuta! Makina akungotentha, batani lotsitsira lakana. Mazirawa akapsa, ntchito yanga yathera pompa."

Makinawo ankalamulidwa ndi kompyuta yakalekale, imene Mayi Nthambo ankaitcha gogo, ndipo ankatha kuilowa ali kunyumba kwawo. Anatsegula laputopu yatsopano imene ankangoionetsa kwa aliyense, nalumikiza.

Koma zimene zinatuluka pasikirini, abale inu! Manambala a kutentha anakwerana ndi a chinyezi, mizere ili balala. Akadina batani lopita pansi, linkangolemba tizilembo topanda mutu. Mantha anawagwira. Akanatha kudina mongoyerekeza, koma ankakumbukira kuti mzere wotsitsa kutentha uli moyandikana ndi wozimitsa makina onse.

"Mwalowa, mlamu?"

"Ndalowa, koma gogoyu sakundizindikira."

Atangotero, nzeru zinabwera. Polumikiza, laputopu imayamba yanena mtundu wa sikirini yake, kuti kompyuta inayo idziwe moyalira zilembo. Yatsopanoyi inkadzitchula dzina lamakono, loti gogo sanalimvepo chibadwire. Laputopu yawo yakale anali ataiuza kuti izidzitchula vt100, mtundu wa nthawi ya gogoyo, koma posamutsira zinthu mu yatsopano, kamzere kameneko kanatsala.

Anatuluka m'kompyuta ya kufamuyo, nalemba dzina lakalelo mu laputopu, nalowanso. Mizere yonse inabwera itandandalika bwinobwino, yoyera pakuda, yosakongola ngakhale pang'ono. Anapeza wa kutentha nautsitsa.

Kenako anafuula pafoni.

"Alamu, lankhulani, mundipha ndi mtima!"

"Mafani oziziritsa ayamba kuzungulira... Kutentha kukutsika! Mlamu, kukutsika!"

Mayi Nthambo anapuma mozama. Anatenga kapu ija, tiyi atazizira kale, n'kumwa momwemo. Komabe panali chinthu chimodzi chimene ankaopa kufunsa: kodi sanachedwe?

"Dikirani kaye," anatero alamuwo, mawu atatsika. "Musadule. Tamverani izi."

Kunamveka chitseko cha makina chikutseguka. Kenako, pansi pa phokoso la mafani, kunamveka kamawu kakang'ono koti tsiyo, tsiyo, ndipo kena kanayankha.