Dzira Likasweka, Mlandu Ngwa Ndani?

Mayi aja anthu ankangowatchula kuti Amazira, poti kuseri kwa nyumba yawo kunali khola la nkhuku zoikira lalikulu kuposa nyumbayo. Wokapereka mazirawo m'magolosale anali mlongo wawo wamng'ono, bambo wa pabanja pake, woyendetsa njinga yamoto. Amazira ankamukonda kwabasi, koma pa nkhani ya malonda, eee, chibale ankachisiya pakhomo.

"Dzira likasweka panjira, wolipira ndiwe," anamuuza tsiku loyamba.

Munthu uja anayamba kuyendetsa njinga ngati wanyamula wodwala. Koma mazira ankaswekabe. Akanalekeranji? Amazira, podziwa kuti mlandu si wawo, ankalongedza m'mathileyi akale, ofewa ndi chinyezi, dzanja lina lili pa foni.

Tsiku lina mlongoyo anazimitsa njinga n'kukhala pa khonde.

"Achemwali, ine ndatopa. Ndikungogwirira ntchito zikhokhombe za mazira. Mwezi ukatha, pezani wina."

Amazira anasinkhasinkha. Wina akanapezeka, inde, koma m'bale akachoka atakwiya, sabweranso ngakhale kudzapempha madzi akumwa. Zimenezo ndiye ankaziopa.

Amuna awo, telala wosatha nthabwala, anaimitsa makina osokera.

"Ndiye dzira likasweka muziluza ndinu, mayi. Alamuwa apumeko."

Anayesa zimenezo. Mawa lake lomwelo mathileyi atsopano anagulidwa, dzira lililonse likuikidwa ngati khanda. Nanga mlongo uja? Ha! Anayamba kuuluka pa maenje a mumsewu uku akuimba mluzu. Ogula n'kumaimba foni kuti katundu wafika msanga ndithu, koma akudontha.

"Chaona mnzako chapita, mayi," anatero telala uja, akuseka mpaka misozi.

Amazira sanaseke nawo. Anatenga mathileyi obwezedwa aja n'kuwayala pa tebulo la kukhitchini, kuwayang'anitsitsa. Kenaka anaitana mlongo wawo.

"Taona. Osweka a pansiwa, ndi thileyi yoola, mlandu wanga. A pamwambawa, odumphitsidwa, ndi liwiro lako. Kuyambira lero wolipira ndi amene wachita mphwayi. Thileyi ikakukayikitsa, uziikana pompano pageti, usananyamuke."

Kuchokera pamenepo m'mawa uliwonse pageti pankakhala msonkhano. Mlongoyo ankadina thileyi iliyonse ndi chala, nkhope ili gwa ngati wapolisi wa pamsewu.

"Iyi ayi, achemwali. Yakalamba kuposa inu."

"Iwe, ndinakusambitsa ndine!" ankatero Amazira, koma n'kukasintha ndithu. Nawonso ankakoka malegeni omangira katundu mmodzimmodzi, wolobodoka n'kumulozera. Ankakangana, kuseka, kumwera limodzi tiyi. Mazira anayamba kufika athunthu, ndipo za kusiya ntchito zija sizinamvekenso. Amazira ankasangalala, ngakhale pakamwa sankavomera.

Ndiye linadza tsiku lina Lachinayi. Dzuwa lili paliwombo, Amazira anaona mlongo wawo akulowa pageti, njinga akuchita kuikankha. Mazira anali akuyenderera m'matayala, buluku litang'ambika pa bondo.

"Galu, achemwali," anatero. "Anangotulukira pakona. Ndimayenda pang'onopang'ono, Mulungu akundiona. Koma musadandaule, ndilipira."

Telala anasuzumira pawindo, nthabwala zonse zitamuthera. Amazira anazungulira njinga ija. Mathileyi anali atsopano, owasankha okha m'mawawo. Malegeni anali chimangire, olimba ngati mmene anawasiyira. Pakanakhala liwiro, munthuyu sakanabwera ndi miyendo yake.

"Ulipira chiyani?" anafunsa.

"Si lamulo lanu lomwe?"

"Lamulo langa ndi la anthu amphwayi. Lero pano palibepo wamphwayi, si iwe, si ine. Mazirawa ndi anga, ndipo nkhuku ziikira ena mawa." Anakoka mpando n'kumukhazika mokakamiza. "Bambo, tatengani madzi ofunda ndi mchere. Iwe, pinda bulukuli ndione bondolo."